OPARESHONI YA AZIBAMBO POPANDA KUGONEKEDWA

Nkhani ya mwezi uno ndi imodzi mwa zija zimene makolo athu ankakambira kumphala ana atapita kukagona. Tsono ndiyambe ndi kupempha kuti mundilole kuchula ziwalo zina ndi maina ake, pakuti matenda amene tikambirane amakula cifukwa ca manyazi, ndipo kulankhula mozungulira sikungamthandize munthu amene akuvutika nawo.

M'midzi mwathu, makamaka kumadambo ndi kucigwa ca Luangwa, muli azibambo amene anasiya kupalasa njinga zaka zambiri zapitazo. Kabudula anamuiwala, kuyenda kwawo n'kwa pang'ono-pang'ono, ndipo pamsonkhano amakhala kumbuyo atafunda jekete pamiyendo ngakhale pa dzuwa la Okutobala. Mudzi wonse umadziwa, koma palibe amene amanena. Matenda ake ndi aja ena amati phudzi, ena amati mwera, ndiko kutupa kwa thumba la macende cifukwa ca madzi amene adzazamo. Mukamfunsa bwino munthu wotere cimene cimamletsa kupita kucipatala, adzachula manyazi, adzachula ndalama za ulendo, koma pansi pa zonsezi pali mantha a kugonekedwa. Anamva kuti m'cipinda ca opareshoni munthu amapatsidwa tulo tofanana ndi imfa, ndi kuti ena sadzukanso.

Cimene ambiri sadziwa n'cakuti opareshoni zambiri za malo amenewa sizilira kugoneka munthu konse. Wodwala amakhala maso, amamva zimene zikukambidwa, amayankha akafunsidwa, ndipo kawiri-kawiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Mfumu ndi mthenga wake

Ululu ndi uthenga. Munga ukalasa phazi, phazilo silidziwa kanthu palokha. Pali timitsempha tating'ono, tosiyana ndi mitsempha ya magazi, timene timanyamula mau kucoka kuphazi, kudzera mumsana, kukafika kubongo. Bongo ndiye mfumu, timitsempha timeneti ndiwo amithenga. Munthu amamva kuwawa pokhapokha mthenga akafika kwa mfumu.

Motero pali njira zitatu zoletsera ululu wa mpeni wa dokotala. Yoyamba ndiyo kugoneka mfumu imene: amithenga amafika ndithu, koma amapeza mwini mudzi ali m'tulo. Iyi ndiyo njira imene anthu amaiopa, ndipo inaonetsedwa poyera ku Boston m'dziko la America pa 16 Okutobala 1846, pamene William Morton, dokotala wa mano, anagoneka wodwala ndi mpweya wa ether. Yaciwiri ndiyo kutseka mseu waukulu: jekeseni wa pamsana amene amaziziritsa thupi lonse kuyambira m'ciuno kutsika, munthu ali maso. Anaiyamba August Bier ku Kiel, m'dziko la Germany, m'caka ca 1898. Yacitatu, imene ndiyo nkhani yathu, ndiyo kumuimitsa mthenga pa kanjira kake komweko, pafupi ndi pamene wacokera. Mankhwala ocititsa dzanzi amabayidwa pa malo okhawo amene acitidwe opareshoni, ndipo thupi lonse limatsala monga linaliri.

Njira yacitatuyi inayambira ku tsamba la mtengo. Anthu a ku Peru ndi ku Bolivia ankatafuna masamba a coca kuyambira kale-kale, ndipo lilime linkacita dzanzi. M'caka ca 1884, dokotala wacinyamata wa ku Vienna, Carl Koller, anadonthezera m'diso mankhwala ocokera ku masambawo, ndiwo cocaine, naona kuti diso lingathe kukhudzidwa ndi mpeni mwini wake osaphethira. Posapita nthawi William Halsted wa ku New York anaonetsa kuti mankhwalawo akabayidwa pafupi ndi mtsempha wa uthenga, dera lonse limene mtsemphawo umatumikira limakhala dzanzi. Koma cocaine ndi mbuye woipa: Halsted yemweyo, amene ankadziyesera pathupi pake, anagwidwa naye ukapolo kwa zaka zambiri. Akatswiri anafuna-funa mankhwala ena opanda msampha umenewo. Alfred Einhorn anatulutsa procaine m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1943 Nils Löfgren ndi Bengt Lundqvist a ku Stockholm anapanga lidocaine, amene pa timabotolo tambiri ta m'zipatala zathu amalembedwa lignocaine. Amene munazulitsapo dzino kucipatala mumawadziwa kale mankhwalawa.

Nchito yake m'thupi njosavuta kumvetsa. Kuti uthenga uyende m'kamtsempha, mcere wina wochedwa sodium uyenera kulowa kudzera m'timakomo tating'ono ta m'mbali mwake. Mankhwalawa amatseka timakomoto kwa kanthawi. Timitsempha tonyamula ululu n'tating'ono kwambiri, motero ndito timayamba kutsekeka. Tonyamula uthenga wa kukhudza ndi kukanikiza n'tokulirapo, ndipo kawiri-kawiri timapitiriza nchito. Ici n'cofunika kucidziwa musanagone pa tebulo paja. Mudzamva kuti dokotala akukugwirani, akukoka, akusuntha cina cake, koma simudzamva kuceka. Munthu wosauzidwa izi amadzidzimuka, naganiza kuti mankhwala akanika, pamene akugwira nchito bwino lomwe.

Cifukwa ciani malo awa?

Timitsempha tambiri tonyamula ululu wa macende timayenda pamodzi m'kacingwe kamodzi, kamene kamatsika kucokera m'mimba kudzera m'mphecepece. M'kacingwe momwemo muli mitsempha ya magazi ndi kanjira ka mbeu ya abambo. Pamwamba pa thumba kacingweka kali pafupi ndi khungu, mwakuti dokotala amakagwira pakati pa zala ziwiri. Akabaya mamililita pafupifupi 10 a mankhwala mozungulira kacingweko, ndi ena pang'ono pansi pa khungu pamene adzaceke, mbali yonseyo imakhala dzanzi patapita mphindi zisanu kapena khumi. Asanatenge mpeni amayamba watsina khungu ndi kufunsa ngati mukumva. Apa si pa malo oonetsera umuna. Ngati mukumva kuwawa nenani, aonjezere mankhwala kapena adikire pang'ono.

Jekeseni woyambayo amaluma monga njuci, kwa masekondi owerengeka. Ndiko kuwawa kwakukulu kwa tsikulo kwa anthu ambiri. Koma pali cinanso cimene cimadabwitsa odwala: dokotala akamakoka kacingwe kaja, ena amamva kupotokola m'mimba, pafupi ndi mcombo, mwinanso mseru. Cifukwa cake n'cakuti mwana wamwamuna akali m'mimba mwa amai ake, macende amayambira kumtunda, pafupi ndi impso, ndipo amatsikira m'thumba m'miyezi yotsiriza asanabadwe, atatenga timitsempha tawo kucokera komweko. Mwamuna aliyense amene anamenyedwapo ndi mpira pa malo amenewa akumbukira kuti ululu unakwera m'mimba. Mukamva conco muuzeni dokotala, adzacepetsa kukokako.

Dzanzi la lidocaine limakhala ora limodzi kapena awiri. Pali mankhwala ena a mtundu womwewo, bupivacaine, amene amacedwa kuyamba koma amakhalitsa maora anai kapena kupitirira, ndipo madokotala ena amaphatikiza awiriwa.

Phudzi

Chende lirilonse lakutidwa ndi kansalu kopyapyala ka mbali ziwiri, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tocepa kwambiri. Thupi likamapanga madziwo mopitirira m'mene limawacotsera, thumba limayamba kudzaza, pang'ono-pang'ono, popanda kuwawa kweni-kweni. Lingafike ngati lalanje, lingafike ngati dzungu. Si matsenga, si cilango ca cigololo, ndiponso sikuti munthu anaponda mankhwala pa mphambano. Ana ena amabadwa nalo, ndipo mwa iwo limatha lokha kawiri-kawiri asanakwanitse zaka ziwiri. Mwa akulu lingadze cifukwa ca ukalamba, kuvulala kapena matenda ena a chende. Koma m'maiko otentha cocititsa cacikulu ndi tinyongolotsi tochedwa Wuchereria bancrofti, timene udzudzu umafalitsa, tomwenso timatupitsa miyendo m'matenda a mnchofu. Timakhala m'timitsempha tocotsa madzi m'thupi, n'kutiononga.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, poyambitsa nkhondo yothetsa matendawa m'caka ca 2000, linawerengera kuti amuna pafupifupi 25 miliyoni anali ndi phudzi lobwera ndi tinyongolotsi timeneti. Anansi athu a ku Malawi anavomerezedwa m'caka ca 2020 kuti anagonjetsa matendawa monga vuto la dziko lonse, atagawira anthu mapiritsi caka ndi caka. Kuno kwathunso boma linagawira mapiritsi otere m'maboma ambiri. Koma piritsi limapha tinyongolotsi ndi kuteteza ana athu. Silibweza thumba limene linatupa kale. Bambo amene ali nalo lero adzakhala nalo mpaka atacitidwa opareshoni.

Ena amapita kukapopetsa madziwo ndi singano, nabwerera kunyumba akukondwa. Patapita milungu kapena miyezi yowerengeka madzi abwereranso, pakuti kasupe wake sanakhudzidwe, ndipo kubaya kulikonse kumatsegulira njira tizilombo toolesa. Kutemera mphini pa malo amenewa n'koopsa koposa. Opareshoni ndiyo imakonza kansalu kaja: dokotala amaceka pang'ono pathumba, amatulutsa madzi, kenaka kansaluko amakatembenuza n'kukasokera kumbuyo kwa chende, njira imene imadziwika ndi dzina la Mathieu Jaboulay wa ku France; kapena amakapinda-pinda n'kukasoka monga mmene telala amacitira mapuliti a siketi, njira ya Peter Lord wa ku England; kapena, kakakhala kolimba kwambiri, amakadula n'kukacotsa. Phudzi la pakati-kati limatha kukonzedwa pasanathe ora limodzi.

Tisaiwale kuti si kutupa kulikonse kumene kuli phudzi. Pena ndi matumbo amene atsikira m'thumba kudzera m'mphecepece, matenda amene acipatala amawacha hernia. Kutupa kwake kumabwerera m'mimba munthu akagona cagada, n'kutulukanso akatsokomola. Pena ndi cotupa colimba ca chende lenilenilo, cimene cingakhale khansa, ndipo ici cimakonda anyamata ndi azibambo acicepere. Wacipatala amasiyanitsa pogwira ndi manja, poika tochi kumbuyo kwa thumba m'cipinda ca mdima (madzi oyera amawala, matumbo ndi cotupa siziwala cimodzimodzi), ndiponso pojambula ndi makina a sikani kumene alipo. Hernia yaing'ono ya munthu wamkulu nayonso imasokedwa bwino ndi jekeseni wa dzanzi.

Phindu lake ku zipatala za kumidzi

Kugoneka munthu masiku ano n'kotetezeka kutali-tali kuposa mmene mbiri za m'midzi zimanenera, ndipo pali opareshoni zambiri zimene sizingacitike mwa njira ina. Koma kumalira zambiri: mpweya wa okosijeni, makina opumira, magetsi osazima, munthu wophunzira amene maso ake onse ali pa kupuma ndi mtima wa wodwala, ndi namwino wina womuyang'anira mpaka atatsitsimuka. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anasowera m'caka ca 2024 madzi atacepa ku Kariba. Lidocaine salira zonsezo. Ndi wochipa, safuna firiji, ndipo wodwala amadzipumira yekha. Kwa nkhalamba ya mtima wofooka kapena ya cifuwa cokhalitsa, kukhala maso kawiri-kawiri ndiyo njira yopepuka kuthupi.

M'caka ca 2015 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zacipatala ya The Lancet anapeza kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi sangathe kupeza opareshoni yabwino, pa nthawi yake ndi pa mtengo umene angakwanitse. Caka comweco dziko lathu la Zambia ndilo linatsogolera maiko ena pa msonkhano wa WHO ku Geneva kuti opareshoni ndi mankhwala oletsa ululu ziwerengedwe pakati pa cithandizo coyenera munthu aliyense, ndipo m'caka ca 2017 boma linatulutsa dongosolo lake pa nkhaniyi. Maphunziro apamwamba a madokotala ogoneka anthu anayamba ku UTH mu Lusaka m'caka ca 2011 cabe, motero m'maboma ambiri nchitoyi iri m'manja mwa makilinikala ofesala amene anaphunzira zimenezi. Mwa kuona kwanga, bambo wa ku Chama kapena ku Nyimba sayenera kudikira kuti akatswiri acuruke, pamene matenda ake angathe kukonzedwa pa cipatala ca boma lake ndi kabotolo kamodzi ka mankhwala ndi manja odziwa nchito.

Nchito zina za jekeseni yemweyu

Azibambo opitirira zaka 50 amadziwa usiku wodzuka kanai kapena kasanu. Pansi pa cikhodzodzo pali kaciwalo kochedwa prostate, kamene kamakula ndi msinkhu n'kufinya njira ya mkodzo, ndipo tsiku lina mkodzo ungatsekeke kotheratu. Pamenepo wacipatala amathira m'njiramo lidocaine wonga mafuta, n'kulowetsa kapaipi. Kakakana, amabaya jekeseni wa dzanzi pansi pa mcombo n'kulowetsa kapaipiko molunjika m'cikhodzodzo. Kutenga kanyama ka prostate kuti akapime khansa, ndiponso kusuzumira m'cikhodzodzo ndi kapaipi kofewa ka kamera, monga kwa amene amakodza magazi atadwala likodzo nthawi yaitali, zimacitikanso munthu ali maso. Koma kupala prostate yeniyeniyo ndi nchito yokulirapo, imene kawiri-kawiri imalira jekeseni wa pamsana.

Mdulidwe wa kucipatala ndiwo wazolowetsa acinyamata athu ambiri njira imeneyi. Kuyambira m'caka ca 2007, pamene WHO inavomereza zofufuza za ku South Africa, Kenya ndi Uganda zoonetsa kuti mdulidwe umacepetsa ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 mpata wakuti mwamuna atenge kacirombo ka HIV kwa mkazi, anyamata ambiri-mbiri adulidwa ali maso. Zimandidabwitsa kuona mdzukulu wa zaka 16 akupita kukadulidwa akuseka, pamene agogo ake akhala zaka khumi akuopa jekeseni yemweyo.

Pali mantha ena amene sindingawalumphe. Azibambo ena amakana opareshoni ya phudzi poganiza kuti akafulidwa. Amaisokoneza ndi opareshoni ina yocitidwa pa malo omwewo ndi jekeseni yemweyo, yochedwa vasectomy, imene imadula dala kanjira ka mbeu kuti mwamuna asaberekenso, ndipo imene Mpingo wathu suivomereza. Ziwirizi n'zosiyana kotheratu. Opareshoni ya phudzi ndi kuciza matenda. Colinga cake si kucotsa chende kapena kudula kanjirako, ndipo ambiri amabwezeredwa moyo wa m'banja umene kutupa kunawalanda. Musanasaine kapena kudinda cala pa pepala lovomereza, pemphani kuti akuwerengereni m'Cinyanja ndi kukuuzani cimene adzacite ndi cimene cingalakwike. Safunsa anadya phula.

Pamene njirayi siyenera

Mankhwalawa ali ndi muyeso wake, umene umatsata kulemera kwa munthu. Madokotala ambiri sapitirira mamiligalamu 3 a lidocaine wosasakaniza pa kilogalamu iriyonse, ndiko kunena mamililita 18 a mankhwala a mphamvu ya 1 pa 100 kwa bambo wa makilogalamu 60. Akapitirira, kapena akalowa mumtsempha wa magazi mwangozi, amafika kubongo ndi kumtima. Zizindikiro zoyamba ndi dzanzi la milomo ndi lilime, kulawa citsulo m'kamwa, kulira kwa makutu ndi cizungulire. Pambuyo pake munthu angakomoke ndi kuphupha. N'zosowa kucitika, koma n'cifukwa cake namwino amakulankhulitsani nthawi yonse ya opareshoni. Sakungoceza ai, akumvetsera mau anu. N'cifukwa cakenso jekeseni ameneyu sayenera kubayidwa ndi munthu wa m'komboni amene anangoona mmene ena amacitira.

Phudzi lalikulu kwambiri, lokhalitsa ndi lolimba khungu, kapena lophatikizana ndi hernia yaikulu, limafuna mankhwala opitirira muyesowo, motero dokotala amasankha jekeseni wa pamsana. Pa malo otukusira ndi a mafinya mankhwalawa sagwira bwino. Ana aang'ono sangagone phee pa tebulo, ndipo amayenera kugonekedwa. Munthu wamantha kwambiri anene poyera, pakuti pali mankhwala okhazika mtima pansi amene angaonjezedwe. Nenaninso ngati muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ngati mukumwa asipirini kapena mankhwala ena osungunula magazi, ngati mukumwa mankhwala a mizu, ndiponso ngati jekeseni wa dokotala wa mano anakuvutanipo kale.

Inu makolo, sungani ici. Mnyamata akadandaula mwadzidzidzi ululu woopsa wa chende limodzi, makamaka usiku, mwina ndi kusanza, kungakhale kuti chendelo lapotoka pa kacingwe kake ndipo magazi atsekeka. Nthawi yolipulumutsa ndi maora pafupifupi 6. Musadikire kuti kuce, musathowe ndi madzi otentha, musayambe kumufunsa mwanayo za atsikana. Thamangirani naye ku cipatala cimene cimacita opareshoni, ndipo musampatse cakudya panjira, pakuti ameneyu adzagonekedwa.

Kunyumba

Dzanzi likatha ululu umabwera, tsono imwani mapiritsi amene mwapatsidwa lisanathe, osati pamene mwayamba kubuula. Masiku awiri oyamba ngogona ndi kupumula, cilonda cikhale couma, ndipo kabudula wa mkati wogwira bwino amanyamula thumba kuti lisalendewere. Khungu la malo amenewa n'lofewa, motero magazi ocepa cabe akatayikira mkati limatupa msanga. Kutupa pang'ono kumene kumaphwa mwa milungu ingapo n'kozolowereka. Koma thumba likafufuma msanga-msanga, likalimba ndi kuda, kapena thupi likatentha ndi cilonda kutulutsa mafinya, bwererani kucipatala tsiku lomwelo. Phulusa, mafuta a galimoto ndi masamba osinja zisayandikire pacilondapo.

Amai a m'nyumba, apa nchito ndi yanu, pakuti abambo akamva bwino tsiku lacitatu amayamba kuyang'ana njinga. Njinga, khasu, nkhwangwa ndi matumba olemera zidikire pafupifupi mwezi umodzi, ndipo za m'banja zidikire mpaka cilonda citapola ndi wacipatala atavomereza. Popeza phudzi silicita kudzidzimutsa, mlimi angathe kukambirana ndi acipatala tsiku lomuyenera. Miyezi ya Juni ndi Julayi njabwino: cimanga ciri m'nkhokwe, ndalama ya ulendo iripo, miseu njouma, kunja n'kozizira, ndipo pofika nthawi yososa m'munda munthu amakhala atacira.